Wozizira Kawiri

Amene anandilakwira ndi apongozi anga, mayi wa mkazi wanga. Anakaniza amayi anga kunyamula mwana wanga woyamba, ati manja awo ngozizira. Nkhani yake ndi yomweyo, ilibe nthambi zambiri.

Manja a amayi sanali ozizira chibadwire. Ndinakulira pa Kachulu, padoko la kunyanja, pomwe amayi ankawamba milamba ndi kuyanika matemba. Ankatembenuza nsomba pa waya ndi zala, moto uli lawilawi pansi, osafuna kamtengo. Zikhatho zawo zinali zokhakhala, zofunda ngati mwala wa padzuwa, ndipo zinkamveka utsi ngakhale atasamba kuti apite kutchalitchi. Ine ndinabadwa ndi mtima wapachala. Sukulu ndinaisiyira mu Sitandade sikisi nditayankhana ndi aphunzitsi mawu osabwezeka, ndipo padoko aliyense ankadziwa kuti milomo yanga ikayamba kunjenjemera, chotsatira n'chibakera. Abambo ali moyo anayesa ndodo, inalephera. Amayi sankakalipa. Ankangobwera kumbuyo kwanga n'kuika dzanja pakhosi, apa pothera tsitsi, n'kulisiya pomwepo. Kufunda kuja kunkatsika ndi msana, mawu n'kundithawa mkamwa. Ndinamera ndevu akundigwirabe choncho, anzanga opalasa mabwato akuseka kuti mwamuna wathunthu amazimitsidwa ngati koloboyi.

Kenako mtima wa amayi unayamba kugunda mosokonekera. Akasenza dengu pang'ono, wefuwefu. Kuchipatala ku Zomba anati mtima ukamagunda chonchi magazi amatha kuundana, oundanawo n'kukatseka mtsempha wa kumutu. Anawapatsa timapilitsi tomwa tsiku lililonse, tosungunula magazi kuti asaundane. Patapita miyezi amayi anayamba kudandaula manja ndi mapazi. Ankavala masokosi anga a mpira dzuwa likuswa mtengo, ndipo akamacheza ndi anzawo manja ankakhala ali m'khwapa. Titawauza adokotala, anati alipo ena amene amadandaula zotere akamamwa mankhwalawa. Mwina ndi mankhwala, mwina ndi mtima womwewo, ayang'anabe, koma kumwa asasiye zivute zitani.

Mawu akakwera minibasi amatsika atasintha malaya. Adokotala anati "osungunula magazi". Pofika pa Kachulu anali "ochepetsa magazi". Pofika kumudzi kwa mkazi wanga, kumtunda, ulendo wa njinga kuchokera padoko, nkhani inali yoti magazi a amayi asanduka madzi.

Kumudzi kumeneko ine ndinali pa chikamwini. Nyumba ndinamanga ndine, koma dothi ndi lawo. Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso. Mukakumana panjira umapatukira kutchire, ukafuna kunena kanthu umatuma mkazi wako kapena kulankhula uli kuseri kwa khoma. Zonsezo ndinkazisunga, ine wa mkamwa moyaka, chifukwa mkazi wanga ndinkamukonda.

Mwana anabadwa mu Juni, mphepo ya kunyanja ikulowa mpaka m'mafupa. Ndinakatenga amayi panjinga, atanyamula chitenje chatsopano ndi matemba osankha okhaokha. Kwathu khanda la masiku oyamba salikhudza munthu "wotentha", ndiye kuti amene akugona ndi mwamuna kapena mkazi; amalinyamula "ozizira" okha. Amayi anali amasiye kuyambira kale. Tili m'njira anandimenya pamsana n'kunena akuseka kuti, "Lero palibe ondiposa, bambo. Ine ndine wozizira kawiri."

Titafika ine ndinatsala panja, koma khoma la nyumba yanga ndimalidziwa, silisunga mawu. Ndinamva akupatsana moni. Apongozi atangogwira dzanja la amayi, ndinawamva akuti:

"Asewere, manja awa ayi. Magazi anatha awa. Mumuziziritsa liwombo mwanayu. Muonereni pomwepo."

Amayi anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za pachisewere, poti anthu amene ana awo akwatirana amanyozana mocheza. Sizinali nthabwala. Anakhala pamphasa, manja ali pamiyendo, akuyang'ana mdzukulu wawo ali m'manja mwa anthu ena mpaka dzuwa linapendeka.

Ulendo wachiwiri, mwana atatuluka kale m'nyumba, amayi anapanga nzeru. Anaotcha mbatata, n'kuikulunga m'kansalu, n'kuifumbatira njira yonse. Pafupi ndi mudzi anaibisa m'chitenje, n'kundigwiritsa zikhatho kuti ndimve. Zinali zofunda ndithu. Koma apongozi sanagwire chikhatho, anagwira pamwamba pake, pamkono, ndipo mbatata ija inagwa pansi amayi akuwerama.

"Yotentha ndi mbatata, asewere, inu ayi."

Amayi ena amene anali pakhonde anaseka. Ine ndinadzuka kuseri kwa khoma kuja milomo ikunjenjemera kale. Sindikudziwa kuti amayi anatuluka nthawi yanji, ndinangomva dzanja pakhosi. Linali lozizira ngati mlamba wongotuluka mu ukonde m'mawa. Koma linagwira ntchito yake chimodzimodzi. Ndinakhala pansi.

Dzanja limenelo, lozizira lomwelo, ndi limene ndimalifuna masiku ano. Amayi anatisiya mvula ya chaka chatha itangoyamba. Ndikakangana ndi munthu padoko, khosi langa limadikirabe, ngati ng'ombe yozolowera goli, ndipo palibe amabwera.

Tsiku lija pobwerera tinaima pamthunzi wa mgwalangwa. Amayi anapukuta mbatata ija, n'kuinyema, n'kundipatsa mbali yaikulu. Anangondifunsa kuti mwanayo amalemera bwanji. Ndinati ngati mlamba waukulu ndithu. Anafunsa ngati khosi lalimba, ngati amagwira chala ukamupatsa, ngati pamutu pamanunkhira mkaka ngati mmene ndinkachitira ine. Ndinkayankha, iwo akuyerekeza ndi mikono yawo mulibe kanthu. Kuyambira pamenepo ndikapita pa Kachulu, moni asanathe, funso linali lomwelo: walemera bwanji tsopano?

Ndinamupempha mkazi wanga kuti tipite naye mwana kwa amayi mwakachetechete. Analira. Anati mwana akadzatsokomola ngakhale kamodzi pambuyo pake, iye akayankha chiyani kwa mayi ake ndi amalume ake? Sindimuimba mlandu. Anali mtsikana, mwana woyamba, mantha okhaokha.

Nyengo yotentha itafika, nyanja itayamba kuthawa n'kusiya matope ong'aluka, amayi anandiitana tsiku lina ali pathandala la matemba. Anatambasula manja n'kunena kuti ndigwire. Anali ofunda pang'ono, kapena ndi dzuwa, sindikudziwa. Nkhope yawo inali ngati ya mtsikana amene wagulidwa nsapato. Anati Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi ndikawatenge, safunanso mbatata.

Lamulungulo silinawapeze ali chiimire. Anagwa m'mawa pafupi ndi thandala lomwelo, pakamwa patapotoka, mkono ndi mwendo wakumanja zitafa. Kuchipatala anati ndi sitiroko, magazi aundana kumutu. Adokotala anafunsa ngati ankamwa mankhwala aja. Amayi sankatha kulankhula, anangotembenukira kukhoma. Nditabwerera kunyumba kwa amayi ndinapeza timapilitsi tija tili m'mapepala ake, osatsegula. Anali atasiya kumwa n'cholinga choti magazi abwerere, poti mudzi wonse unkati ndi tomwe tikuwatha.

Anatuluka m'chipatala mawu atawathera, atatsala ndi maso ndi dzanja lamanzere lofooka. Ankakhala pakhonde atatsamira khoma, akuonerera anthu ena akuwamba nsomba pa waya wawo.

Ndiye tsiku lina apongozi anabwera pa Kachulu kudzazonda amayi, atatenga ufa ndi nkhuku, mkazi wanga ali pambuyo ndi mwana kumsana. Mwanayo anali atayamba kukhala yekha. Mwa mwambo ine ndinapatuka, ndinakaima patali, pafupi ndi nkhuni. Apongozi anapepesa za matendawo bwinobwino, anatchula Mulungu, kenako anauza mkazi wanga kuti mwana wakhwima tsopano, palibe choopa, amupereke kwa agogo ake amunyamule.

Mkazi wanga anamuika pamiyendo pawo. Amayi anayang'ana mkono wakumanja ngati akuutuma, koma unangogona pomwe unali. Wamanzere unayesa wokha kumuzinga. Mwana anatakataka, n'kuyamba kutsetsereka, ndipo mkazi wanga anamuwakha asanafike pansi. Amayi anatulutsa kamawu kamene sindinakamvepo chibadwire.

Milomo yanga inayamba. Amayi anaona, ndikudziwa kuti anaona, chifukwa dzanja lamanzere lija linanyamuka pang'ono kuloza kwa ine. Koma ndinali kutali, ndipo silikanafika pakhosi ngakhale ndikanagwada.

Ndinadutsa bwalo lonse n'kukaima pamaso pa apongozi. Aka kanali koyamba kuwaona nkhope bwinobwino. Ndinali ndisakudziwa kuti ali ndi mphini patsaya. Anafuna kufunda chitenje kumutu, koma ndinali nditayamba kale.

"Apongozi, lero lokha ndiyang'aneni. Manja awa ndi amene analera mwamuna amene munamupatsa mwana wanu. Ankazizira, inde, koma ankagwira. Inu munati atenthe kaye. Ndi awo, akutenthetserani. Auzeni tsono anyamule."