Mpira wa Achimwene Yusufu

Mphira ikatenthedwa ndi dzuwa imatulutsa kafungo kena kake. Ndikakamva ngakhale lero, pa depoti kapena pamene amamata matayala, mkamwa mwanga mumabwera mchere wa magazi. Ndi mmene unkanunkhira mpira wa achimwene anga a Yusufu, chilimwe chija pa Lirangwe ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Unali wofiira ngati katondo, wokhakhala, wolemera moti ukaumenya ndi phazi unkagwira chala n'kuyamba kuvina. Anabwera nawo amalume kuchokera ku Joni, n'kuupereka kwa achimwene chifukwa ndiwo anali atali pakhomo ponse. Achimwene ankagona nawo kumutu.

Kaseweredwe kake tinakaonera pa vidiyo. Zipani zambiri zitabwera, kuseri kwa msika kunatsegulidwa kanyumba ka vidiyo, kamdima, konunkha thukuta ndi utsi wa jenereta. Pakati pa matepi a karate panali tepi imodzi ya basiketibo, ya munthu mmodzi yekha, mkulu wina wakuda wa ku Amereka amene dziko lonse linkamudziwa kupatula ife. Amene anakonza tepiyo anangotola masewera amene mkuluyo anachita zoopsa, zina zonse n'kudula. Tinkamuona akuuluka anthu atatu atamukangamira, wina akumukoka malaya, wina akumugunda ndi chigongono, iye n'kugwa chagada mpira utalowa kale. Kenako chithunzi chinkadumpha, uyo ali chilili, akuchinyanso. Mawu sankamveka chifukwa cha jenereta, ndipo woyimbira sitinamuonepo akuimitsa masewera. Ndiye ife tinangoti basiketibo ndi mpira umene kumenyana n'kololedwa. Koma abale, umbuli!

Tinachotsa masipoko pa limu yakale ya njinga, n'kuikhomera pa mtengo wa bulugama kuseri kwa golosale ya bambo. Pansi panali pouma gwa, pa timiyala ndi mizu yotuluka kunja. Nyenje zinkalira, fumbi linkalowa m'mano, ife tili pakalapakala opanda nsapato, kukankhana ndi kukandana mpaka dzuwa kupendeka. Madzulo mayi ankatitsuka mabala ndi madzi a mchere uku akutikalipira. Bambo ankangopukusa mutu, amvekere mpira wa manja ndi wa atsikana.

Achimwene anali ndi zaka khumi ndi zisanu, owonda ngati bango, amanyazi moti mlendo akafika pakhomo ankazembera kuseri. Sanamenyepo munthu. Koma dzanja lawo lamanja linali ndi maso. Ankaima patali, pafupi ndi dzala, n'kuponya mpira m'mwamba mwakachetechete, ndipo unkatsika mu limu osakhudza chitsulo. Ine ndinkawanyadira mpaka pachifuwa kupweteka.

Tsiku la msika kunkabwera lole ya tomato ndi kabichi kuchokera ku Chileka, itanyamulanso anyamata otsitsa madengu. Mkulu wawo anzake ankamutcha Chigayo, chimnyamata cha ndevu zomera kale, mapewa ngati chitseko. Tsiku lina atamaliza kutsitsa anatipeza pa bulugama paja. Chigayo anandilanda mpira m'manja ngati akulanda mwana chigumu, n'kuukhalira.

"Ntchemberembaye imeneyi eti? Nanga masiketi mwasiya kuti?" anatero, anzake ali gwegwede kuseka.

"Bwezani mpirawo, amwene," anatero achimwene.

"Mpirawu ukwera lole lero. Mukaufuna tigonjetseni. Tisewera mpaka adalaivala alize hutala."

Tinalibe kochitira. Tsiku limenelo bambo anali atakayala katundu pakati pa msika, ndipo kukawaitana kukanakhala kuutaya mpirawo, pakuti Chigayo akanathawa nawo. Tinaima atatu atatu: achimwene, ine, ndi Mavuto, mwana wa aneba athu. Atsikana ena ogulitsa zitumbuwa anati aziwerengera poika mwala pa mulu wa amene wachinya.

Mpira woyamba umene ndinagwira, chigongono cha Chigayo chinandipeza pakamwa. Ndinaona nyenyezi masana, ndinalavula magazi pamodzi ndi chidutswa cha dzino, koma ndinadzuka, poti mkulu wa pa tepi uja ankadzuka. Wina anamuthira Mavuto hedi ya pamimba, iye anakhala pansi akusanza, kenako anakwawira kunja osabweranso. Tinatsala awiri, ndipo kunena zoona ine ndinali wongotola mpira n'kupatsira. Masewera onse anagwera achimwene.

Zimene anachita tsiku limenelo sindinazionenso kwa munthu wina. Mpira ukangofika m'manja mwawo, unkanyamuka nthawi yomweyo, kaya ali pa dzala, kaya ali kuseri kwa munthu, ndipo unkalowa. Anawatchera ndale, anagwa chafufumimba, chibwano n'kung'ambika, anadzuka, anachinya. Wina anawawaza dothi m'maso. Anaponya ali chitsinzinire, unalowa. Anawaponda zala za kumapazi, anawang'ambira malaya, Chigayo anawamenya chibakera cha m'nthiti chomveka ngati ng'oma. A ku Chileka aja mphamvu anali nazo, koma kuponya kunali kwachabechabe, mpira unkangomenya mtengo. Mulu wathu wa miyala unkakula.

Anthu anayamba kubwera. Amayi a tomato anasiya mabenchi, anyamata a njinga anaimika njinga zawo, akuluakulu ena anatuluka m'tiyirumu makapu ali m'manja. Bwalo linadzaza. Achimwene akagwetsedwa, anthu ankati "Iiii!", akachinya kunkabuka mfuwu ndi nthungululu. "Yu-su-fu! Yu-su-fu!" Bambo wina wa chipewa ankakuwa kuti, "Mwamuna uyo! Asakugonjetse wa ku Chileka!" Ine ndinkakuwa nawo, magazi ali chuchuchu pa malaya, mtima uli m'mwamba.

Kenako achimwene analumpha pafupi ndi mtengo, ndipo Chigayo anawakankha miyendo ali m'malere. Anatembenuzika, n'kutera pa muzu ndi dzanja lamanja. Panamveka kuti thyo, ngati phesi louma. Bwalo lonse linati zii. Anadzuka pang'onopang'ono, nkhope yatuwa ndi fumbi, dzanja litapindika pamene dzanja silipindika. Anayang'ana anthu uku ndi uku. Kenako bambo wa chipewa uja anawomba m'manja, ena n'kutsatira.

Achimwene analowetsa dzanjalo m'malaya ong'ambika aja, n'kutambasula lamanzere kuti ndiwapatsire. Mpira woyamba unaphonya. Wachiwiri unazungulira limu n'kugwera mkati, ndipo msika wonse unapenga. Chigayo tsopano ankangolunjika pa dzanja lothyokalo. Akaligunda, achimwene ankakuwa "Mayo!" ndi mawu aang'ono amene sindinawamvepo, koma mpira unali utachoka kale. Mnyamata mmodzi wa ku Chileka anaima n'kunena kuti iye basi, izi si masewera, koma Chigayo anamutukwana, anabwereranso. Achimwene anachinyabe ndi dzanja limene sankadyera n'komwe.

Hutala italira, mulu wathu unali utaposa wawo kutalitali. Chigayo anaumenya mpira uja theche, unakagwera m'munda wa chinangwa, iye n'kuthamangira lole. Anthu anafuna kuwanyamula achimwene m'mwamba, koma iwo anali atakhala pansi, atatsamira bulugama, mano akugundana ngati akumva malungo.

Bambo athu atafika anayamba ndi ine, poti ndine ndinali pafupi, mbama ya pakhutu. Ataona dzanja lija anangoti kukamwa yasa. Anawakweza achimwene pa njinga kupita nawo kuchipatala, mayi akuthamanga pambuyo mpango uli m'manja. Fupa linagwirana mokhota, ndipo zala ziwiri sizinapindikenso. Mpira ndinakautola ku chinangwa kuja, ndinaupukuta, ndinawaikira kumutu. Sanaukhudze. Mvula yoyamba itagwa unali utaphwa pansi pa bedi.

Nkhani imeneyi ndaikamba zaka zambiri, kusukulu, kuntchito, paliponse pamene anthu atchula akatswiri. Chaka china ndinapita kukawaona pa Lirangwe, pamene akuyendetsa golosale ya malemu bambo, ndipo ndinaikambira ana awo, ndikuchita kuimirira kusonyeza mmene ankaponyera. Achimwene ankayeza shuga ndi dzanja lamanzere, osatukula mutu. Ana atatuluka anandiitana.

"Iwe Saidi, nkhani imeneyi uzingoisiya," anatero motsitsa mawu. "Ine sindinkafuna kuchinya ayi. Ndikaugwira mpira ankandimenya, ndikauponya ankandisiya pang'ono. Ndiye ndinkangoutaya msanga. Makutu anga onse anali ku lole, kudikira hutala."

Ndili mwana ndinaona ngwazi yosamva kuwawa, yoposa mkulu wa pa tepi uja. Tsopano ana anga afika msinkhu umene achimwene anali nawo tsiku lija, ndipo ndikakumbukira ndimaona mwana wamanyazi, dzanja lili lende, akuyang'ana nkhope za akuluakulu odzaza bwalo kuti mwina mmodzi anene kuti basi. Onse anawomba m'manja.