Sabata Yathu ya ku Nyanja Yamchere

Chigubu cha mafuta ophikira, ngakhale uchitsuke bwanji, chimasunga kafungo kake. Ndikamva kafungo kameneko kosakanikirana ndi sopo, ndimadziona ndili pakhonde la amalume ku Pfupajena, ku Chegutu, ndili ndi zaka khumi, ndikuyang'anira mzere wa zigubu zopanda kanthu. Chilichonse chinali ndi kansalu kake pakhosi kuti tidziwe mwini wake. Kunali kozizira mmawa, fumbi masana, ndipo mpopi wa panja unkangotulutsa mphepo.

Tinali titangofika kumene kuchokera ku famu ya ku Selous, kumene abambo anali khukhi wa Bwana, mwini famuyo, kuyambira ine ndisanabadwe. Famuyo italandidwa, anthu anagawana minda, koma ife sitinapatsidweko. Anati kwathu ndi ku Malawi. Abambo anabadwira m'komboni ya mgodi ku Eiffel Flats, ndipo Malawiyo ankangomumvera kwa makolo awo. Choncho tinanyamula mapoto ndi mabulangete n'kukapanikiza amalume, alongo awo a amayi, amene ankagwira ntchito pa fakitale ya nsalu imene inkatsegula masiku ena n'kutseka masiku ena. Tinkagona kuseri kwa katani m'chipinda chochezera. Abambo ankatuluka mmawa kukafuna ntchito, n'kubwerera madzulo chimanjamanja.

Pochoka m'dziko, Bwana anasiyira abambo mphatso imene inaseketsa mzere wathu wonse wa nyumba. Iye anali ndi malo ku Joni, m'mphepete mwa nyanja kum'mwera kwa Durban, m'nyumba yosanja ya anthu a patchuthi. Sanagule nyumbayo ayi, anagula sabata imodzi pachaka. Sabatayo ikafika, zipindazo zinali zake. Ikatha, ankatuluka kuti alowemo ena. Chaka chilichonse mu Ogasiti ankapita kumeneko ndi banja lake, n'kutenganso abambo kuti azikawaphikira. Sabata ya chaka chimenecho ndi imene anatipatsa.

"Alamu, anzanu akulandira mahekitala, inu mwalandira sabata," anatero amalume, akupukuta misozi ya phwete. "Mudzalimamo chiyani mu sabatamo?"

Abambo anaseka nawo, koma patapita masiku ochepa anagulitsa njinga yawo n'kuyamba kuthamangira mapepala a ulendo.

Nkhani itamveka kuti tikupita ku nyanja yamchere, zigubu zinayamba kubwera. Kwathuko madzi a m'nyanja ndi mankhwala. Mai Tendai, oyandikana nawo, a mpingo wovala zoyera, ankafuna owaza pa benchi yawo ya tomato kuti malonda aziyenda. Azakhali a ku Rimuka anakwera kombi kuchokera ku Kadoma ndi chigubu chawo, chifukwa miyendo yawo inkatupa. Ena ankafuna osambitsa mwana wolira usiku, ena sananene n'komwe chifukwa chake. Amayi anandipatsa udindo wosunga zigubuzo, ndipo ndinadzimva ngati kapitawo.

Koma nkhani yanga yeniyeni inali ina. Tsiku lina ndinafunsa abambo ngati madzi a m'nyanjamo ndi ozizira. Iwo anati sakudziwa. Zaka zonse zija anaona nyanjayo pawindo la kukhitchini, koma sanaikemo ngakhale chala cha kuphazi. Zinandiwawa ngati wina wandinyoza ineyo. Munthu amene ankatibweretsera zigoba za nkhono chaka ndi chaka ankangozitola panjira popita kukagula nsomba. Ndinawakakamiza mpaka analonjeza kuti ulendo uno tikalowa m'madzimo limodzi. Polongedza, ndinaona akuika m'chikwama jekete lawo loyera ndi mipeni yawo yokulunga m'nsalu. Ndinawafunsa kuti munthu wa patchuthi amanyamuliranji zimenezi, ndipo anangondiuza kuti khukhi sasiya mipeni yake m'nyumba ya eni.

Basi tinakwerera ku Kadoma, pamodzi ndi azimayi a malonda amene ankadziwa dzenje lililonse la mumsewuwo. Za ulendowo ndimakumbukira dzuwa la pa Beitbridge, mzere wosatha, ndi zigubu zanga zikugogoda pansi pa mpando.

Nyumbayo inali yoyera mbuu, ya makonde ambirimbiri oyang'ana kumadzi. Tinakwera chikepe, ine nditagwira chitenje cha amayi ndi manja onse. Abambo atatsegula chitseko, tinalandiridwa ndi fungo la polishi ndi mchere, komanso phokoso limene ndinayesa ndi la lole yaikulu imene sikumaliza kudutsa. Anali mafunde. Amayi anapita molunjika kukatsegula mpopi, n'kuima pomwepo dzanja lili m'madzi otentha, akupukusa mutu. Ine ndinayatsa ndi kuzimitsa magetsi mpaka anandikalipira. Abambo sanadabwe ndi chilichonse. Analowa kukhitchini, natsegula kabati yachiwiri osayang'ana, n'kutulutsa ketulo.

Chimene chinawavuta chinali chipinda chachikulu. Anaima pakhomo pake ndi chikwama m'manja mpaka amayi anawakankha kumsana. Mawa lake anandionetsa kumene ankagona zaka zonse: kachipinda kakang'ono kuseri kwa malo oimika magalimoto, koyandikana ndi migolo ya zinyalala. Pakhonde lathu panali mipando iwiri yaikulu ya khushoni, koma iwo ankatulutsa kampando ka kukhitchini n'kukhalapo, mawondo ali m'mwamba.

Lamulo lawo linali limodzi: chilichonse chibwerere pamene tachipeza. Kapu ikhale pamalo pa kapu, sipuni pamalo pa sipuni, chifukwa Loweruka kukubwera banja lina. Zimenezi sindinazikonde. Ndinali nditasankha kale bedi langa, ndipo sindinafune kuti mwana wina wosamudziwa agonepo. Amayi anandikhazika mtima pansi kuti sabatayo imabwera chaka chilichonse. Sanandiuze kuti idzabwerera ife, koma ine ndinamva choncho.

Masiku anayenda mofanana. Mmawa abambo ankameta ndevu, kuvala jekete loyera lija, n'kunena kuti akukaona anzawo. Kugombeko kunali Amalawi ambiri ophika ndi osamalira maluwa, ndipo ine ndinkaona kuti anzawowo achuluka mopitirira muyeso. Ine ndi amayi tinkakwera minibasi kupita m'tauni kukagula shuga, sopo, ufa ndi mafuta zoti tikagulitse ku Chegutu, kumene mashelefu a m'sitolo anali atayamba kuyera. Pofika pakati pa sabata, chipinda chochezera cha Bwana chinali chitasanduka golosale. Masana tinkatsikira kumchenga. Amayi ankayala chitenje patali ndi madzi, n'kumandikuwira ndikangolowa kupitirira m'mawondo.

Nyanjayo sinali monga ndinkaiganizira. Sinkakhala phee ngati damu la ku famu. Inkabwera n'kukugwetsa, kenaka n'kukuba mchenga pansi pa mapazi pobwerera. Ndinkatuluka maso ali psuu, mchenga uli m'makutu, khungu likuyabwa ndi mchere, ndipo ndinkafunitsitsa kuti abambo amve zonsezi okha.

Dzuwa likapendeka ankatulukira, nsapato zili mbuu ndi fumbi.

"Baba, handei kugungwa," ndinkawakoka dzanja kuti tipite kunyanja. Ine ndinkalankhula Chishona, iwo n'kumandiyankha m'Chichewa, monga zinalili m'nyumba zambiri za kwathu.

"Mawa, mayi wanga. Lero miyendo yakana."

Mawa lake inkakananso. Ndinaganiza kuti ndatulukira chinsinsi chawo: munthu wamkulu ngati ameneyu akuopa mafunde. Ndinayamba kuwaseka, kuwayerekeza akuthawa madzi thalauza ili m'manja. Iwo anavomera mlanduwo mosavuta, n'kumati inde, nyanja si ya ana a m'komboni. Sabata inali ikutha, ndipo usiku uliwonse ndinkagona ndi mkwiyo.

Lachinayi anabwera mochedwerapo, jekete likununkha nsomba yokazinga ndi anyezi. Amayi anawayang'ana osafunsa kanthu, abambo n'kugwedeza mutu kamodzi. Kenaka amayi analowa m'bafa, natsegula mpopi, n'kukhalamo nthawi yaitali. Ine ndinati akusangalalanso ndi madzi otentha aja.

Lachisanu abambo sanavale jekete. Anatenga zigubu zonse, kuzimangirira pa chingwe, n'kunena kuti madzi a eni ake sangadzitunge okha. Kumchenga anavula nsapato, napinda thalauza mpaka m'mawondo. Mapazi awo anali otuwa, a zikang'a za munthu woimirira tsiku lonse. Analowa pang'onopang'ono ngati akuponda pa mbaula. Chigubu cha azakhali chisanadzaze, funde linawamenya pachifuwa n'kuwakhazika pansi, malaya ndi thalauza zonse. Ndinachita mantha kuti akwiya. Koma anadzuka akulavula, nanyambita milomo, n'kuchita tsinya ngati akulawa ndiwo za wophunzira.

"Amene anathira mchere umu dzanja lake ndi lolemera," anatero.

Ndinaseka mpaka kugwera m'madzi. Kuyambira pamenepo sanafunenso kutuluka. Anandinyamula pamapewa, tinalowa mpaka madzi anawafika m'khosi, ndipo funde lililonse likamabwera ankalikuwira mawu a Chilapalapa amene anaphunzira kwa agogo ku mgodi. Sindinawamvepo akuseka choncho. Tinadzaza zigubu zonse, ndipo ine ndinkafulumira kuti ntchito ithe tibwerere ku masewera. Amayi anakhala pa chitenje chawo, nkhope atayang'ana kumsewu. Ndinawaona, koma ndinati mwina mchenga wawalowa m'maso.

Madzulo ndinatola chigoba chachikulu cha mkati mofiirira, n'kunena kuti ndichibisa m'nyumbamo kuti tidzachipeze chaka chamawa. Ndinkayembekeza kuti abambo akana chifukwa cha lamulo lawo lija. Sanakane. Anandikweza m'mwamba kuti ndichiike pamwamba pa kabati ya kukhitchini, kukona kumene wosesa safikako. Nditamaliza, anachedwa kunditsitsa.

Loweruka mmawa tinakolopa, tinabwezera kapu ndi sipuni m'malo mwake, n'kupereka makiyi. Potuluka m'chikepe tinakumana ndi banja lina likulowa ndi zikwama, mwana wawo atavala kale zosambira. Ndinamuyang'ana ndi diso loipa.

Pa depoti ya mabasi ku Durban abambo anakweza matumba a shuga ndi ufa, nalowetsa zigubu pansi pa mpando wathu, n'kundikhazika pawindo. Kenaka anatsika. Ndinayesa akukaona katundu. Injini italira ndinaimirira n'kukuwira dalaivala kuti adikire, munthu wina watsala. Amayi anandigwira mkono mwamphamvu n'kundikhazika pansi.

"Abambo ako apeza ntchito kuno. Atitsatira pa Khirisimasi."

Abambo anali ataima pansi pa windo langa, chikwama paphewa, mipeni ija kukhwapa. Thalauza yawo inali isanaumitsitse, ndipo m'mawondo munali mizere yoyera ya mchere. Anagogoda galasi ndi chala.

"Usataye madzi a eni ake, wamva?"

Basi inanyamuka.

Madziwo ndinawafikitsa onse. Mai Tendai anawaza pa benchi yawo akuimba, azakhali anabwera kuchokera ku Kadoma n'kusambitsa miyendo yawo pakhonde pomwepo. Aliyense ankandifunsa ngati ndinasangalala, ndipo ndinkavomera. Amalume sanabwerezenso nthabwala yawo ya mahekitala.

Khirisimasi inafika, abambo osabwera. Masiku amene anawalola kukhala m'dzikomo anali atatha kalekale, ndipo akanatuluka sakanaloledwa kulowanso. M'malo mwawo munkabwera makatoni kudzera kwa madalaivala a mabasi: ufa, mafuta, nsapato za kusukulu zimene nthawi zina zinkandithina chifukwa ankagulira mwana amene anamusiya pawindo uja. Zaka zimene anthu a ku Chegutu ankagona pamzere wa buledi, ife tinkadya sadza, nsima ya kwathuko, kawiri patsiku, ndi banja la amalume lomwe. Ogasiti aliyense ndinkafunsa za sabata yathu, mpaka amayi anandiuza kuti sabatayo imafuna kulipiridwa chaka ndi chaka, ndipo inapita kwa ena kalekale.

Abambo anabwerera ine ndili kale pabanja ku Kadoma, ndili ndi mwana kumsana. Anali atakalamba, miyendo yotupa ngati ya azakhali. Ndinawagwadira, ndinawapatsa madzi osamba m'manja, ndipo tinkafunsana za moyo mwaulemu ngati mlendo ndi mwini nyumba. Anasiya kundiitana kuti mayi wanga, ankati amake mwana. Tsiku lina ndinawafunsa ngati anaphunzira kusambira, popeza anakhala pafupi ndi nyanja zaka zonsezo. Anati malo odyera amene ankaphikako anali misewu iwiri yokha kuchokera kumchenga, koma sanalowemonso m'madzimo.

"Ndinkati ndidikire ubwere," anatero, akuyang'ana mapazi awo.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti tsiku lija ndinawagonjetsa abambo, kuti kukakamira kwanga ndiko kunawachotsa mantha. Tsopano ndikudziwa kuti sankaopa mafunde. Analowa m'madzimo chifukwa ntchito inali itapezeka, ndipo ankadziwa kuti mawa sakwera nafe basi. Ntchitoyo ikanapanda kupezeka, akanabwerera nafe ku Chegutu osanyowetsa phazi, kukagona kuseri kwa katani opanda chotidyetsa, ndipo ine ndikanawakwiyira ulendo wonse atakhala pambali panga. Ndakula, ndili ndi ana anga odya kawiri patsiku, koma sindinathebe kunena kuti pa ziwirizi ndikanasankha chiti. Chimene chimandiwawa n'chakuti sabata yonse ija ndinkapempherera tsiku limenelo kuti lifike msanga.