Chitseko cha Kumbuyo

A Nebert anali kalipentala wosachita mwayi. Nthawi ya Chitaganya, maoda a mipando atasowa, adapeza ntchito ya pakhomo pa holo ya dansi ya a Paxton ku Lilongwe, kuseri kwa masitolo a amwenye. Loweruka lililonse ankaima pamenepo kung'amba matikiti. Munthu wake wofatsa mpaka kukwiyitsa.

Tsono a Paxton, eee, pa ndalama sankaseka. Ataona kuti ena akumalowera chitseko cha kumbuyo osalipira, adabwera ndi misomali.

"A Nebert, inu si mmisiri? Khomani chitsekochi."

A Nebert adayang'ana m'mwamba: siling'i ya mphasa, nyale zitatu za parafini zikulendewera. Khomo lotsala linali limodzi, loti awiri sangadutsire pamodzi, chonsecho mumadzaza anthu oposa zana. Mantha adawagwira.

"Bwana, nanga moto ukabuka?"

"Moto wa chiyani? Khomani basi."

Adakhoma, inde. Koma msomali uliwonse adayamba audula, kutsala mutu ndi kachidutswa. Ukachiona, chitseko chokhomedwa ndithu. Ukachikankha ndi phewa, chotseguka. Miyezi isanu idatha chinsinsicho ali nacho okha.

Amene adachitulukira ndi a Paxton eni ake. Tsiku lina masana, akukalipira woyimba gitala, adatsamira chitsekocho, n'kungopezeka ali chagada panja, miyendo m'mwamba. Anthu kuseka! Adadzuka, natola msomali umodzi, nauyang'anitsitsa.

"Sankhani, a Nebert. Misomali yeniyeni, apo ayi ntchito yatha."

Kunyumba kunali ana anayi, ndipo a Nebert adawaganizira ndithu. Hamala adaigwira, naitembenuza, kenaka adaiika pansi.

"Pepani bwana, dzanja langa likukana."

Tsiku lomwelo chitsekocho adachikhoma munthu wina, misomali yake ya mainchesi sikisi.

Holoyo sidapse, tisanamizane. Idatha yokha ndi chiswe patapita zaka, ndipo alipo ankati a Nebert adataya ntchito pachabe. Kaya. Koma Loweruka lililonse, gitala ikangoyamba kulira, ankanyamuka kwawo ndi chitsulo chozulira misomali, nakakhala pamwala kuseri kwa chitseko chija mpaka munthu womaliza atatuluka. Wowalipira panalibe. Ovina m'katimo sankadziwa n'komwe kuti panja pali munthu.