Tinakana Kuti Awang'ambe

Achimwene anga anafera m'ngalande ku Ndirande, Lamulungu masana, matipate atangoyamba kumene. Anali kalipentala, ndipo kwa miyezi ingapo ankakangana ndi neba wawo za malire a puloti.

Kumochale dokotala anati thupi liyenera kung'ambidwa kuti aone chimene chawapha. Amalume, omwe anali atangofika kuchokera ku Mulanje, anachita kudumpha. "Mwana wa mlongo wanga si mbuzi ayi! Akalowa m'manda wathunthu." Amayi ankangolira. Pepala lokana linafuna munthu wodziwa kulemba, ndiye ndinasayina ndine, wophunzira wa pabanjapo. Kuphunzira kwake kuti!

Patapita miyezi anatiitana kukhoti kukamva mboni. Zinalipo ziwiri. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa pamphambano anati anaona nebayo akumenya achimwene kunkhongo ndi mpini wa khasu, iwo n'kugwera m'ngalandemo. Bambo wina wokonza njinga, mnzake wa nebayo pabawo, anati ayi, malemu anachokera kokachasu akudzandira, ndipo anaterereka okha.

Kachasu! Munthu amene ngakhale thobwa logona ankalikana.

Pobwerera tinakangana m'minibasi mpaka kondakitala anaiwala kuitanira anthu. Amalume anati mayiyo ngosadalirika, chifukwa kupolisi ananena chitsulo, kukhoti akuti mpini. Alamu anga, mkazi wa malemu, anawayankha misozi ili mbwe: "Inu amalume, munthu akamaphedwa pamaso panu mumayamba mwafunsa dzina la chomenyeracho?" Ine ndinafunsa kuti wanjingayo anaona bwanji ngalande pomwe benchi yake ili kuseri kwa golosale.

Ndinapita mpaka kumudzi kukaonana ndi mdzukulu wamkulu amene anasambitsa thupi. Ndinagwada, ndinapempha, kuti angonena ngati kunkhongo kunali bala. Iye anati, "Zimene timaona posambitsa sizituluka m'nyumba ya maliro, mwanawe." Ndinabwerako chimanjamanja, mtima ukuwira.

Tsiku lomaliza majisitireti anati mboni ziwirizo zikutsutsana, ndipo chimene chikanasiyanitsa woona ndi wonama ndi thupi lenilenilo. Anafunsa kuti anakaniza kulipima ndani. Kalaliki anawerenga dzina langa mokweza. Amalume anayang'ana nsapato zawo. Chigamulo chinati inali ngozi, malemu anagwa ataledzera.

Mayi wa zitumbuwa anasamukira ku Bangwe mwezi usanathe, atatopa ndi kuopsezedwa. Nebayo anamanga mpanda wa njerwa pamalire amene ankawafuna aja. Amalume sanaitchulenso nkhaniyi mpaka kumwalira kwawo, ndipo sindinawakhululukire.

Mwana wamkazi wa achimwene anakula akutchedwa mwana wa chidakwa. Ali Fomu 2 anandipeza ndikuchapa, nandifunsa ngati bambo ake ankamwa. Ndinati ayi, ndi bodza la anthu.

"Nanga khoti linganame, azakhali?"

Ndinayamba kumufotokozera za wanjinga uja, koma anandidula.

"Basi, musavutike," anatero. "Ndinazolowera kale kuchita nawo manyazi."