Dzina Linabwera ndi Zikwanje

Akamatchetcha udzu kuno ku Balbriggan, fungo lake limandibwezera kwathu, ku dzinja lija ndili mwana. Tinalipo anayi tsiku limene tinapita kundende: amayi, amalume atavala jekete lobwereka, ineyo, ndi mlongo wanga wakhanda, wopanda dzina. Abambo anali kundende chifukwa cha mbawala ya m'nkhalango ya boma, ndipo amayi anakanitsitsa kuti wina atche mwanayo dzina mwini wake ali moyo.

Tinakapempha tsiku limodzi lokha: atuluke, amuone, amutche, abwerere. Bwana wa ndende anati lamulo silitero. Koma potuluka, msilikali wa pachipata analankhula ngati akuuza khoma. "Lachisanu tikutchetcha msewu wa kumsika."

Lachisanulo tinakaima pansi pa mtengo wa mango, mvula ikuwaza, matope akulowa m'zala za kumapazi. Akaidi anabwera pamzere, zovala zoyera zitasanduka zofiira ndi dothi, zikwanje zikukwera ndi kutsika pamodzi. Kulankhula nawo kunali koletsedwa, koma kuimba ankaimba, ndipo wotsogolera nyimbo anali abambo. Mawu anga aakuluwa, amene anthu amadandaula nawo m'sitima, ndi awo amenewo! Amayi anamasula khanda kumsana nalikweza m'mwamba. Abambo anaponya diso kamodzi, chikwanje osaimitsa, n'kuitembenuza nyimbo: "Mwana wangayo ndi Taonana!" Mzere wonse unavomera, "Taonana!" Mpaka anakhota pa mlatho.

Ine ndinalira mpaka kunyumba, chifukwa ineyo sanandiyang'ane. Ndinkati andiiwala. Ndazindikira nditamera imvi kuti akanayang'ana kawiri akanawachotsa pamsewu, osawaonanso.

Chaka chino mwana wanga Madalitso ali m'ndende ku Dublin, ndipo mkazi wake Chisomo wachira ku Belfast. Madalitsoyo ndinamupemphera temporary release ya two days, kuti atuluke akaone mwanayo, mdzukulu wanga wina akulemba kalata, ine ndikunena. Akundende anatiyankha mwaulemu kuti ku Belfast n'kunja kwa border, ndi dziko lina. Ine munthu wosapempha ngakhale mchere!

Pa visit ndinamusimbira za agogo akewa, mpaka a officer anatembenuka. Madalitso anasisita tebulo.

"Adadi, tsitsani mawu, kuno si kumsewu," anatero. "Koma mukamuuze Chisomo mwanayo asamutche kaye. Abwere naye. Nyimbo ndilibe, koma dzina ndili nalo."