Dzanja Limene Ndinkatsitsa

Ndinaganiza zopita ku Joni chifukwa cha mkangano wa pakhonde, ndipo ndikakumbukira zimenezi zimandinyansa mpaka lero. Bambo anga ndi telala. Makina awo amakhala pakhonde la sitolo ya nsalu ku Area 2, ndipo ine ndinkanyamula mabelo m'sitolo momwemo. Ndikaweruka ndinkathamangira kuseri kwa galaja ina ku Area 1, kumene a Gwaza, kochi wanga wa nkhonya, anapachika matumba awo a mchenga.

Tsiku limenelo kunabwera a Nyirenda, bwana wa m'boma amene chaka ndi chaka ankabweretsa mathalauza kuti bambo awakulitse m'chiuno. Anapeza anthu akukangana kuti ndi masewera ati amene amavuta kwambiri kuti munthu akhale katswiri wa dziko lonse lapansi. Wokonza mawotchi ankati mpira, poti mwana aliyense padziko amaumenya, ndiye kuwaposa onsewo si zamasewera. A Nyirenda anati gofu, chifukwa anali atangoyamba kumene ndipo kampira kaja kankawathawa. Ine ndinati nkhonya.

"Mumpira mulipo khumi ndi mmodzi, ukatopa umabisala kumbuyo kwa mnzako," ndinatero. "Muring'i mulibe kobisala."

"Nanga iweyo ungafike pati?" anafunsa a Nyirenda.

"Pamwamba penipeni, bwana."

Khonde lonse linafa ndi phwete, koma bambo sanatukule mutu pamakina. Madzulo omwewo ndinauza a Gwaza kuti ndavomera. Anali atandinyengerera kwa nthawi kuti ali ndi mnzawo ku Joni, pulomota wokonza nkhonya zazikulu. Kuno ndinali nditamenya kasanu ndi kanayi osagonja, ndipo mutu unali utakula. Mlongo wanga Tadala, amene anali ku Fomu 2, ndiye anandinyamulira chikwama kupita kokwerera basi. Mwana ameneyu ankakonda kuvala magolovesi anga n'kumanditsanzira pagalasi. Anati, "Achimwene, mukabwera ndi lamba wa ukatswiri mudzandiphunzitse."

Ku Joni ndinkagona m'chipinda chimodzi ndi Amalawi anayi, masana ndinkatsuka magalimoto. Nkhonya zinkabwera mwa njira imodzi basi. Foni inkalira Lolemba kuti Loweruka ndikumenya, pamene womenyana nayeyo wakhala akukonzekera miyezi itatu. Kenaka ankandiuza kuti ndichotse makilo anayi. Ndinkavala mapepala akuda otayiramo zinyalala mkati mwa juzi n'kumathamanga dzuwa likuswa mtengo, ndikulavulira m'botolo, madzi osamwa. Pokwera sikelo Lachisanu miyendo inkakhala ikunjenjemera. Ine ndinkati ndi mmene akatswiri amayambira.

Nkhondo yake inkayenda mofanana nthawi zonse. Raundi yoyamba mpaka yachinayi ndinkamenya bwino, anthu n'kumaimirira m'mipando. Ikafika yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi, chinachake chinkandipeza pachibwano cha kumanja, ndipo ndinkadzidzimuka ndikuona magetsi a kudenga, refa akuwerenga zala pamaso panga. M'zaka zisanu ndinamenya kakhumi ndi kanayi, ndinapambana kawiri. Kawiri konseko foni inakhala chete pafupifupi theka la chaka, ndipo ine ndi uchitsiru wanga ndinkati akundiopa.

Kunyumba ndinkatumiza zithunzi za pasikelo, nditafufumitsa minofu, koma za Lamlungu m'mawa sindinatumizepo. Lamlungu anzanga ankapita kutchalitchi n'kundisiya ndekha ndikuyamwa phala ndi kapaipi chifukwa kamwa likukana kutseguka. Ndinkasungulumwa kwambiri, mpaka ndinkayankhula ndi chidebe cha madzi oundana. Ndalama zokha ndizo zinkafika bwino. Bambo anagula makina amagetsi, Tadala anapitiriza sukulu, nyumba yathu inasiya kudontha. Ndikaimbira a Gwaza kufunsa kuti ndikulakwitsa pati, yankho linali limodzi: "Palibe, mwana wanga. Ndi tsoka chabe. Limba mtima."

Mmodzi wa anyamata amene anandigwetsa pano amaoneka pa kanema atakoleka lamba paphewa. Akamatchula kuti sanagonjepo, ine ndimadziwa kuti pa anthu amene akuwerengedwawo ndine wachisanu ndi chiwiri. Mukandifunsa lero funso la pakhonde lija ndiyankhabe kuti nkhonya, koma chifukwa chake chasintha. Wothamanga amalimbana ndi wotchi, ndipo wotchi sungaiuze kuti lero igone. Pankhonya mdani amachita kukusankhira munthu wa ndalama. Katswiri amamulera ngati nkhuku yachizungu, kumupatsa chakudya chofewa mpaka anenepe, ndipo ena tinapita kumeneko tili chakudyacho. Zimandinyansa kuti zinanditengera zaka zisanu kuti ndizione, ndiponso sindinazione ndekha.

Amene anandionetsa ndi mdala Fernando wa ku Tete, amene ankakolopa jimu ya pulomota uja ndi kumata mabala athu pakona. Chinyanja chake chinali chopindika koma tinkamvana. Nditagonja komaliza anabwera kuchipinda kwanga m'mawa, nakhala pabedi, n'kutulutsa foni.

"Mwana wa Malawi, tamvera ichi. Ndatopa kukusoka nkhope."

Anali mawu a a Gwaza, m'Chingerezi chawo chija chimene ndingachizindikire ngakhale ndili m'tulo. Ankauza pulomota kuti mnyamatayu ndi wolimba, akupatsani maraundi asanu abwino ndipo anthu asangalala. Kenaka anati akaponya jabu, kankhonya kamanzere kofufuzira kaja, dzanja lake lamanja limagwera pachifuwa n'kusiya chibwano pamtunda. Muuzeni mnyamata wanu adikire atope, aponye yamanzere yokhota, nkhani yatha. Uthengawo anautumiza ine ndisanakwere n'komwe basi ku Lilongwe, ndipo unkangoyenda kuchoka pafoni ya kochi uyu kupita pa ya uyo.

"Joni yense akulidziwa dzanja lako," anatero mdalayo. "Amene sukulidziwa ndiwe wekha."

Atachoka ndinaima pagalasi n'kuponya jabu. Dzanja linagwa. Ndinaponyanso, linagwanso. A Gwaza anandigwirira mapadi omenyapo kuyambira ndili mwana, ankaliona tsiku lililonse, ndipo ankangoti, "Bwino, bwino, pitiriza."

Mwina ndikanakhalabe konko kumatsuka magalimoto, poti manyazi obwerera opanda lamba anali aakulu, ndipo dokotala anali atandiuza kuti diso lakumanja silingapirirenso nkhonya ina. Koma sabata yomweyo Tadala anatumiza vidiyo. Anali atamaliza sukulu, ntchito osaipeza, ndipo anali akumenya nkhonya kwa a Gwaza, amene ankamukonzera kale pasipoti. Ndinaionera vidiyoyo kakhumi. Mwana wa mayi anga ankaponya jabu yokongola, ndipo dzanja lake lamanja linkagwera pachifuwa ndendende ngati langa. Ndinati anatengera kwa ine pagalasi paja. Ndinagulitsa foni ina ndi matiresi n'kukwera basi kuti ndikalikweze dzanja limenelo asananyamuke.

Lilongwe ndinamupeza atasintha misewu, koma khonde la ku Area 2 linali lomwe lija, ndi fumbi lake ndi phokoso la mahutala. Wokonza mawotchi anandikuwira kuti, "Champiyoni, lamba mwasiya pa boda?" Ndinapita kaye ku Area 1, kumene ndinapeza a Gwaza akupukuta galimoto imene analibe pamene ndinkachoka. Ndinawaseweretsera uthenga uja, umene mdala Fernando ananditumizira pafoni. Anamvetsera mpaka kumapeto ngati akumva nyimbo ya pawailesi, manyazi ngakhale pang'ono.

"Wabwera wonenepa bwino," anatero. "Kafunse bambo ako kuti makina amagetsi anachokera kuti."

Ndinafuna kuwamenya, koma ndinaona kuti ndingodetsa manja. Ndinabwerera kukhonde. Inali nthawi ya nkhomaliro, ndipo Tadala anali atabweretsera bambo chakudya. Anali atakula, mapewa otambalala, maso ofanana ndi a malemu mayi. Bambo ankasoka kabudula wonyezimira wa nkhonya, mbendera yaing'ono pambali pake.

Ndinamuimika Tadala pakati pa makina ndi khoma. "Taponya jabu," ndinatero. Anaponya, dzanja linagwa. Ndinaligwira n'kulikanikiza patsaya pake. "Apa. Likhale apa ngati analisokerapo. A Gwaza akukugulitsa, mwana iwe, ngati mmene anandigulitsira ine." Ndinamufotokozera zonse, za foni ya Lolemba, za mdala Fernando, za diso langa.

Anandimvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza. Kenaka anaima bwino n'kuponya majabu atatu othamanga, dzanja lamanja lili nganganga patsaya, osasuntha ngakhale pang'ono. Sindinaonepo munthu wotseka bwino chotero, ku Joni komwe.

"Ndimatha, achimwene," anatero motsitsa mawu. "Pavidiyo yopita ku Joni ndimalitsitsa dala. A Gwaza sanandibisire kanthu."

"Ndiye ukufuna ukawadzidzimutse? Ukapambane?"

"Ndikapambana foni isiya kulira. Inu munapambana kawiri, ndipo kawiri konseko ine anandibweza kusukulu chifukwa cha fizi."

Ndinakhala pa belo la nsalu. Zaka zonsezo ndinkasankha zithunzi mosamala kuti kwathu asadziwe, ndinkanama pafoni ndi kamwa lotupa kuti ndagonja pa mapointi. Ndinatembenukira kwa bambo, amene makina awo sanaime nthawi yonseyi.

"Bambo, inunso munkadziwa?"

Anachotsa phazi, makina anazima. Anadula ulusi ndi mano, maso ali pansalu.

"A Gwaza ankabwera ndi mavidiyo Lolemba lililonse ukamenya," anatero. "Tinkaonera pompano. Ine ndi mayi ako, asanatisiye, tinkapemphera kuti uzigwa msanga, asakupweteke kwambiri."

Sindikudziwa kuti ndinanyansidwa kwambiri ndi ndani, a Gwaza, pulomota, khonde lonse limene linkaonera ndikugwa kenaka n'kumanditcha champiyoni, kapena ineyo amene ndinkaganiza kuti kwathu akudikira lamba. Kwathu sankadikira lamba. Ankadikira kuti foni ilire, ndipo ya Tadala inali italira kale Lolemba la sabata yomweyo.

Bambo anatukula kabudula uja n'kumuyeza Tadala m'chiuno, nati ndigwire mbali inayo kuti aone ngati lasitiki wakwana. Ndinagwira. Lachitatu m'mawa ndinamunyamulira chikwama mpaka kokwerera basi, ndipo chimene ndinakwanitsa kumuuza pawindo n'chakuti akagwa asamafulumire kudzuka.