Tsitsi la amayi Victoria

Bernadetta anaphunzira kuluka tsitsi pansi pa mtengo wa mapichesi kwawo kwa Kaphuka, pamitu ya anzake obwera kudzathandiza kukumba mbatatesi. Dzanja lake linali lofewa moti mwana ankatha kugona akulukidwa. Mbiri imeneyi ndiyo inamufikitsa pa boma la Dedza, mu saluni ya amayi Victoria, mayi wa mawu okoma amene kasitomala aliyense ankamutcha "dalingi", koma antchito ake "iwe".

Anakhalamo zaka zambiri. Ankatunga madzi chifunga cha m'phiri chisanachoke, kuwafunditsa pa mbaula, kutsuka mitu, kuluka meshi mpaka zala kuuma ndi chisanu. Atapempha kuti akalembe mayeso a ntchitoyi, naye akhale ndi satifiketi yake, amayi Victoria anaseka mpaka kugwira pachifuwa.

"Pepala limaluka? Pano pepala ndi langa, ndi ilo pakhomapo. Iwe luka."

Ndiye anachoka, n'kuyamba kulukira m'kachipinda ka lendi kuseri kwa msika. Makasitomala anamutsatira. Mwezi usanathe kunabwera galimoto ya khonsolo. Anthuwo sanamuzunze ayi, anangofunsa laisensi, iye analibe. Ananyamula makina oumitsira tsitsi ndi mpando womwe. Pampandopo panali mayi wina wa kwaya ya ku Kabwazi, amene anatuluka panja mutu wolukidwa mbali imodzi, mbali inayo tsitsi lili nyankhalala. Msika wonse unafa ndi phwete. Amayi Victoria anabwera kudzaonerera, manja m'chiuno, ndipo sanabise n'komwe kuti anakanena ndi iwo.

Bernadetta sanalire. Anabwerera kwa Kaphuka, analima mbatatesi, atagulitsa anapita ku Lilongwe kusukulu ya zaluso. Tsiku la mayeso aliyense ankayenera kubwera ndi munthu woti amuluke oyesa akuona. Iye anatenga mkulu wake Rute, amene anadandaula njira yonse.

"Mutu wanga ukulowa mayeso, mwini wakene Sitandade 8 sindinafike. Ukakhoza, satifiketiyo tigawana."

Anakhoza. Anatenga laisensi kukhonsolo, anaiika mu felemu, n'kutsegula saluni moyang'anizana ndi ya amayi Victoria. Zipinda zabwino zinalipo kwina. Anachitira dala.

Kutenga laisensi kunali kosavuta kuyerekeza ndi kuisunga. Ankabwera kudzayendera anali a Timoteyo, bambo wachete wa zaumoyo, amene ankaona mathawulo, ankaona ngati zipeso zaviikidwa m'mankhwala, ndipo ankafuna bini yotseka yoponyamo tsitsi lometedwa ndi lothothoka, kuti lipite ndi zinyalala. Kwa a Timoteyo, munthu amene anakhalako ku Joni, kumene tsitsi amalisesa ngati fumbi, nkhani inkathera pomwepo. Koma mzimayi wa kuno sasiya tsitsi lake pamalo posadziwika. Akapesa kunyumba, amalichotsa m'chipeso n'kuliponya pamoto. Amati mbalame ikalitola n'kumangira chisa, mutu suleka kupweteka. Likatoledwa ndi munthu, zimenezo sanena mokweza. Ngakhale amayi osajomba ku Misa, amene amati izo n'zachabe, lawo amaliotcha ndithu.

Amayi Victoria lamulo la bini ankalitsata bwinobwino. Bernadetta ankadziwa, chifukwa kale ndiye ankakhuthulira biniyo m'thumba, thumbalo n'kukhala kuseri kwa saluni mpaka thirakitala ya zinyalala ikumbuke kubwera.

Mu saluni yake Bernadetta anayamba kuotcha tsitsi pa mbaula mwini wake akuona. Likamathetheka, iye ankati mofatsa:

"Lapsa, mayi, pitani ndi mtima m'malo. Ine za thumba sindichita."

"Thumba lanji?"

"Aa, kaya. Mmene mumapesedwa kwinaku, munafunsapo kuti lanu limapita kuti?"

Dzina sanatchule. Mawu oopsa aja sanawatchulenso. Azimayi anamalizitsa okha pamjigo, pakhomo la tchalitchi, m'minibasi. Wina anakasuzumira kuseri kwa amayi Victoria n'kupezadi thumba lodzaza tsitsi la anthu ambirimbiri, laimvi ndi lakuda, losakanikirana. Wina anakumbukira kuti mutu wake unayamba kuvuta atawongoletsa tsitsi kumeneko. Bernadetta ankangomvetsera, zala zili pa ntchito, mtima ukuzizira bwino ngati wamwa madzi a m'phiri.

Koma fungo linamuulula. A Timoteyo analimva asanalowe n'komwe.

"Achemwali, muno ndi mu saluni kapena mukuwaula nkhumba?"

"N'zofuna makasitomala, bwana."

"Moto pafupi ndi mankhwala awa, zitseko zotseka, anthu akupuma utsi umenewu. Ndikadzapezanso, laisensi iyi ndichoka nayo. Sindikuseka."

Anamuika pakati. Akasiya kuotcha n'kumaponya m'bini, azimayi adzati nayenso ali ndi thumba lake. Akapitiriza, galimoto ija ibweranso, ndipo amayi Victoria adzaonereranso manja ali m'chiuno. Rute atabwera kudzagulitsa kabichi anamulangiza.

"Mwana wa amayi, wawalanga, zakwana. Munthu uja akupita kumsika mozemba."

"Sizinakwane," anatero Bernadetta.

Anakapempha nyuzipepala zakale kwa ogulitsa tchipisi. Kuyambira pamenepo tsitsi la mayi aliyense ankalitolera m'chipeso ndi pansi pomwe, kulikulunga bwino, n'kumupatsa m'manja ndi manja awiri.

"Lanu ili, lonse. Mukaotche nokha kwanu."

Mayi aliyense ankatuluka ndi kaphukusi kake, n'kudutsa nako pakhomo la amayi Victoria atakanyamula poonekera. A Timoteyo atabweranso anapeza mbaula ili panja, bini ili pakona yoyera mbee. Anakanda mutu, nati palibe choletsa munthu kutenga tsitsi lake. Laisensi inatsala pakhoma.

Tsidya la msewu mipando inayamba kukhala yokha. Atsikana antchito anachoka mmodzimmodzi. Chaka chitatha amayi Victoria sanakatengenso laisensi ina. Anafufuta dzina la saluni n'kuyamba kugulitsa zovala za kaunjika m'chipinda chomwecho.

Kenako mwana wawo wamkazi, Nomsa, anapeza banja. Mayi wa mkwatibwi sangalowe m'tchalitchi ndi duku ngati ali pamaliro, ndipo manja awo anali atauma ndi nyamakazi. Lachisanu masana, saluni ya Bernadetta itadzaza, amayi Victoria anadutsa msewu.

"Bena, mwana wanga..."

"Khalani, amayi."

Bernadetta anawatsuka mutu ndi madzi ofunda bwino, anawapesa pang'onopang'ono, anadula nsonga zakufa, anawaluka mizere yowongoka moti azimayi odikira anasiya macheza n'kumayang'ana. Sanawakoke ngakhale pang'ono. Atamaliza anawagwirira galasi kumbuyo kuti aone.

"Dzanja ili ndinalidziwa kalekale ine," anatero amayi Victoria.

Bernadetta anachotsa imvi m'chipeso, anasesa za pansi, anazikunga m'dzanja. Nyuzipepala zinali pomwepo patebulo. Amayi Victoria, amene zaka zonsezi ankati za mbalame ndi zisa n'za anthu osaphunzira, anatambasula manja awiri.

Bernadetta anavundukula bini, anaponyamo, anatseka.



"Nanga... langalo?"

"Lamulo mumalidziwa kuposa tonsefe, amayi. Thirakitala ibwera. Kaya liti."

Amayi Victoria anaima pakhomo nthawi yaitali, maso ali pa bini, mutu wokongola ngati wa mtsikana. Bernadetta anakutumula thawulo n'kumenya mpando ndi dzanja.

"Wotsatira, bwerani."